Makalata a Omvera: Fenugreek Wanga Wabereka Mosiyana

Kalata yathu yalero yachokera ku Bvumbwe. Mayi wina akuti anafesa fenugreek, chokometsera ndiwo chija amwenye amati methi, koma zomera zina zabereka makoko ambiri pamene zina zangochuluka masamba. Akufunsa ngati anagula mbewu yoipa.

Mayi athu a ku Bvumbwe, mtima m'malo. Mbewu yogula pamsika nthawi zambiri imakhala yosakanikirana mitundu, ndipo kusiyanako n'kopindulitsa. Ku India, makamaka ku Rajasthan kumene amalima kwambiri mbewuyi, akatswiri a ku Ajmer amasonkhanitsa mitundu yosiyanasiyana n'kusankha ya nthambi zambiri, makoko ochuluka ndi njere zolemera. Khoko limodzi limakhala ndi njere pakati pa 10 ndi 20.

Inunso teroni. Mangani kansanza pa zomera zobereka bwino, muzisiye ziume, njere zake musunge padera. Duwa lake limadzipatsa lokha mungu, choncho ana amatengera kholo.

Omvera nonse, mbewu musamatenge pa chomera chimodzi chokha. Sankhani zingapo, kuti matenda akabwera zina zipulumuke. Muzifesa nyengo yozizira, ndi pamene imachita bwino.