Dzina la khitchini sililipira lendi

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 25. Kwathu ndi ku Mangochi, koma ndili ku Cape Town chaka chachinayi tsopano. Ndisanabwere kuno ndinaphunzirako zophikaphika ku Blantyre. Nditafika ndinayamba ndi kutsuka mapoto, kenako anandiika pa tchipisi, pano ndimawotcha nyama pa lesitilanti ina ya m'mbali mwa nyanja. Ndimalandira R9,000 pamwezi. Pa ndalama yomweyi ndimalipira lendi, ndimatumizira mayi pa Mukuru, komanso fizi ya mlongo wanga amene ali Fomu 3 pa sukulu yapulaiveti.

Tsono mnzanga wa ku Zimbabwe wandipezera mpata ku lesitilanti ya anthu a ndalama zawo, kumene munthu amasungitsa malo kudakali mwezi, n'kukadya timbale khumi ting'onoting'ono pa mtengo woposa lendi yanga. Shefu wake wati ndikagwire mwezi umodzi osalipidwa kuti aone manja anga. Ndikamusangalatsa adzandilemba pa udindo wotsikitsitsa, pa R6,500. Malume amene ananditengera kuno akuti ndapenga, munthu sataya nkhuku ili m'manja chifukwa cha nkhanga ya kuthengo. Koma Azakhali, mtima wanga uli kumeneko. Ndatopa n'kutembenuza nyama yomweyomweyo usiku uliwonse, ndikufuna ndidziwe kuphika kwenikweni. Mayi sindinawauze. Ndichite bwanji?

Wothedwa nzeru,
Cape Town

Mwanawe,

Malume ako masamu sanalakwitse, ndipo iwenso sunapenge. Tiye tiyambe ndi masamuwo, chifukwa ndaona kuti m'kalata mwako wawalambalala. Ukasamuka, mwezi uliwonse uzitaya R2,500. Pa chaka ndi R30,000. Uphatikizepo R9,000 ya mwezi waulere uja, ndiye kuti chaka choyamba chikudyera ndalama pafupifupi R39,000. Imeneyi ndi fizi. Khitchini imeneyo uyione ngati sukulu imene ukulipira ndi thukuta komanso ndi ndalama zimene mayi ako akanalandira. Ukaiona choncho, mafunso ake amabwera okha: andiphunzitsa chiyani, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo ndikatuluka ndidzagulitsa kuti zimene ndaphunzirazo?

Ndikuuzeko kaye zimene ukazipeze, kuti usakadabwe. Makhitchini amenewa amayenda ngati kambi ya asilikali. Dongosolo lake analikhazikitsa Mfalansa wina, Auguste Escoffier, amene ankayendetsa khitchini ya hotela ya Savoy ku London m'zaka za m'ma 1890, ndipo mpaka lero maudindo amatchulidwa m'Chifalansa. Pamwamba pali shefu wamkulu, pansi pake sous chef amene ndiye kapitawo weniweni, kenako a chef de partie, aliyense ndi chigawo chake: wina nsomba, wina nyama, wina msuzi, wina zotsekemera. Iwe akukuitanira pa commis, wothandizira mwini chigawo. Zaka zako zowotcha nyama sakaziwerenga. Moto mwina ukauyandikira patapita miyezi.

Ntchito ya commis ndi yokonzekera. Umafika dzuwa lisanakwere, alendo adzadya madzulo. Umadula anyezi tizidutswa tofanana ngati njere za mapira, osati china chachikulu china chaching'ono. Umathothola timasamba ndi kapani kachitsulo konga kozulira nsidze, n'kutiyala pa kansalu konyowa kuti tisafote. Kontena iliyonse umamatapo tepi, n'kulemba dzina la chimene chili m'katimo ndi tsiku. Ine ndili mtsikana ndinagwirako m'khitchini ya hotela ina, yosafika n'komwe pa imene ukunenayo. Sabata yoyamba ndinadula karoti beseni lodzaza, zala zitachita kuuma. Kapitawo anabwera, anatapa ndi dzanja, anayang'ana kamodzi kokha, n'kukhuthulira zonse mumphika wa ndiwo za antchito. Mawu ake anali amodzi: bwereza. Ndinakalirira m'chipinda chozizira momwe ankasungamo nyama, pakuti m'menemo mokha ndi momwe munalibe wondiona. Koma mpaka lero ndikagwira mpeni, dzanja limakumbukira tsiku limenelo, ndipo apongozi anga ankadabwa kuti kabichi ndimamudula bwanji.

Ndiye sindinganame kuti kulibe chophunzira. Ukaphunzira kulawa, kuti lilime lizikuuza lokha ngati msuzi ukufuna mchere kapena kandimu. Ukaphunzira liwiro lopanda phuma, ukhondo, ndi kuwerengera mtengo wa mbale imodzi kuyambira pa batala mpaka pa kambewu kokongoletsera. Pa chowotchera nyama chako zimenezi palibe amene adzakhale nawe pansi kukuphunzitsa. Ndipo dzina la khitchini yotere likakhala pa CV, limatsegula zitseko zimene zaka khumi za tchipisi sizingatsegule.

Nanga bwanji malo odyera okwera mtengo chonchi amalipira mochepa kuposa kumene uliko? Chifukwa mbale imodzi imadutsa m'manja ambiri. Kwanu anthu anayi kapena asanu mutha kudyetsa chikhamu. Kumeneko ophika amachuluka pamene mipando ndi yochepa, ndipo zophikira zake n'zodula. Komanso achinyamata ofuna dzinalo ali pamzere, moti wina akachoka lero, mawa pali wina. Matipi ambiri amathera kwa operekera zakudya, a kukhitchini amangomva fungo, pokhapokha pakhale lamulo logawana, ndipo limenelo ukafunse.

Nkhani yogwiritsa anthu ntchito ulere siyachilendo m'makhitchini otere, dziko lonse lapansi. Amaitcha stage, katchulidwe kake “staaj”. Lesitilanti ya Noma ya ku Copenhagen, imene inasankhidwa kasanu kukhala yopambana padziko lonse, kuyambira 2010 mpaka komaliza 2021, inakhala zaka zambiri ikudalira achinyamata ochokera m'maiko osiyanasiyana ogwira miyezi osalandira kanthu. Inayamba kuwalipira mu Okutobala 2022. Patangotha miyezi itatu, mu Januwale 2023, mwini wake René Redzepi analengeza kuti asiya kutsegula lesitilantiyo mwa nthawi zonse, ponena kuti kaphikidwe kotere sikangapitirire momwe kakuyendera. Taganiza, khitchini imene dziko lonse linkaigwadira! Chikomekome cha mkuyu, mwanawe.

Ukadzamva nkhani ya Noma, adzakuuzanso za Ali Sonko, bambo wa ku Gambia amene ankatsuka mbale kumeneko kuyambira 2003. Mu 2010 analephera kupita ku London kukalandira nawo mphoto chifukwa cha viza, anzake n'kukwera pansanja atavala malaya okhala ndi nkhope yake. Mu 2017 anamupatsa gawo la umwini wa lesitilantiyo. Ndi nkhani yokoma, ndipo inenso imandigwira mtima. Koma anthu poifotokoza amathamangira kumapeto, osawerenga kuti pakati pake pali zaka 14 za pasinki, ndiponso kuti munthu wake ndi mmodzi.

Tsono mwezi waulerewo ine ndikuukana. Kuyesedwa manja ndi mwambo wa ntchitoyi, ndipo tsiku limodzi kapena awiri palibe cholakwika. Iwenso umakhala ukuwayesa iwo. Shefu wodziwa ntchito amamudziwa munthu pa maola ochepa: momwe wagwirira mpeni, momwe wapukutira thabwa lodulirapo, ngati akufunsa asanalakwitse. Mwezi wathunthu si mayeso, ndi ganyu yopanda malipiro. Ndipo ukasiya ntchito yako, mweziwo n'kutha, iye n'kunena kuti pepani sizinatheke, udzalowera kuti? Mapanga awiri avumbwitsa, koma kutuluka m'phanga mvula ili pakati usanaone kuti linalo lili ndi denga n'kuvumbwa mwadala.

Uyeneranso kudziwa malamulo a dziko limene ukugwiramo ntchito. Pa 1 Malichi 2025 malipiro otsikitsitsa ku South Africa anawaika pa R28.79 pa ola, ndipo amawaunikanso chaka ndi chaka. Sabata ya ntchito ndi maola 45. Opitirira apo ndi ovataimu, imene malipiro ake ndi ola limodzi ndi theka. Maola 45 pa mtengo umenewo amapereka pafupifupi R5,600 pamwezi. Ukuona? R6,500 ija ikuoneka ngati ili pamwamba pa lamulo, koma ngati uziyamba 10 koloko m'mawa n'kuweruka pakati pa usiku, masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, ukaigawa ndi maolawo igwera pansi. Malamulo a ntchito amatinso wogwira ntchito usiku pakhale mayendedwe omufikitsa kwawo. Funso limeneli usalichitire manyazi, poti ukudziwa wekha kuti Cape Town ya 1 koloko usiku si yoyenda wapansi ndi chikwama cha mipeni. Zikavuta pali a CCMA, amene amamva madandaulo a antchito osalipiritsa.

Pali chinthu chimodzi chimene kalata yako yakhalapo chete, ndipo kukhala chete kumeneko kwandidetsa nkhawa: mapepala. Pasipoti ya Malawi imakulowetsa ku Joni masiku 30 ngati mlendo, siikupatsa chilolezo chogwira ntchito. Ngati pemiti uli nayo, uonetsetse zimene inalembedwa, chifukwa yambiri imamangiriridwa kwa bwana mmodzi, moti kusintha ntchito kumafuna kukonzanso mapepala. Ngati ulibe, dziwa kuti malo otchuka ndi amene akuluakulu a boma savutika kuwapeza, ndipo bwana amene akudziwa kuti ulibe mapepala amadziwanso kuti sungakadandaule kulikonse mopanda mantha. Mwina n'chifukwa chake ena amalimba mtima kupempha mwezi waulere. Konza zimenezi kaye, zina zonse zibwere pambuyo.

Ndiye uchite izi. Usasiye ntchito. Pempha masiku atatu a tchuthi kumene uliko, upite kwa shefuyo mwaulemu, umuuze kuti uli ndi anthu okudalira kumudzi, mwezi waulere sungaukwanitse, koma masiku awiri kapena atatu ubwera ndi mtima wonse. Akakana n'kukwiya, wakuonetseratu khalidwe lake usanasaine kanthu, uthokoze Mulungu. Akavomera, ukafike nthawi isanakwane, zikhadabo zowenga, mpeni wonola, kabuku ndi cholembera m'thumba. Usakadzitame za nyama imene umawotcha. Ukamaliza chimene wapatsidwa, pukuta pamalo pako n'kufunsa china.

Koma maso ako akakhale pa anzako a commis, osati pa mbale zokongolazo. Nthawi yopuma ukawapeze kuseri, kumene amakhala pa makreti akusuta, uwafunse kuti amaweruka nthawi yanji, amapita bwanji kwawo, chaka chino achokapo angati, ndipo womaliza kukwezedwa anadikira nthawi yaitali bwanji. Safunsa anadya phula. Uonenso momwe kapitawo amalankhulira ndi wotsuka mbale. Kukalipa pa nthawi ya alendo kuliko kulikonse, mbale zikamatuluka mawu amafupika. Koma kutukwana mtundu wa munthu, kumugenda ndi chiwaya kapena kumukankha, kumeneko si kuphunzitsa. Redzepi yemweyo analemba yekha mu 2015 kuvomereza kuti kwa zaka zambiri ankazunza antchito ake. Ukaona zotere, dzina la pakhomopo lisakunyenge.

Akakulemba, zonse zikhale papepala: udindo, maola, malipiro, ndi tsiku limene adzaunikenso malipirowo. Ndipo iwe udziikire malire, zaka ziwiri. M'zaka ziwirizo uzungulire zigawo zosachepera zitatu, ndipo ukhale utagwira chigawo chako wekha. Zikapanda kutero, nyamuka ndi dzinalo ukaligulitse kwina. Ophika ambiri odutsa m'makhitchini otere ndalama amakaipeza akachokako: m'mahotela akuluakulu, m'maloji a kumalo osungira nyama zakuthengo kumene chakudya ndi pogona n'zaulere, m'nyumba za anthu olemera, kapena pa bizinesi yawo. Ngakhale kwathu kuno, maloji a ku Likoma, Cape Maclear ndi Majete amalandira alendo ofuna chakudya cha mtundu umenewo, ndipo mwana wa ku Mangochi wodziwa chambo kuyambira ali wamng'ono, atawonjezera manja a khitchini yotere, sangasowe pomulandira.

Za mayi ako ndasungira kumapeto dala, chifukwa ndi pamene pandipweteka. Fizi ya sukulu yakoyi sukulipira wekha, akulipira nawo iwo ndi mlongo wako, ndiye si bwino kuti adzangoona ndalama ya pa Mukuru yachepa osadziwa chifukwa. Mlongo wako chaka chamawa alemba MSCE. Fizi yake ya Fomu 4 ndi ndalama ya mayeso uyambe waika padera usanasamuke, ngakhale zitatanthauza kupempha shefuyo akudikire miyezi itatu kapena inayi. Makhitchini amenewa amasowa anthu nthawi ya alendo ambiri, kuyambira Novembala, ndiye mpata sudzatha. Mayi uwaimbire foni Lamlungu akaweruka ku mapemphero, osati kuwatumizira uthenga wa pa WhatsApp. Uwauze ndalama imene izichepa, ndi kuti zidzatha liti. Malume akonso uwaonetse masamu omwewa papepala, poti ndiwo adzakusunge zikakuvuta.

Ndipo pa ndalama ya mwezi uno, patulapo yogulira nsapato zabwino za m'khitchini, zosaterereka, zokhala ndi mpata ku zala. Maola 14 uli chiimire, mapazi ndiwo amayamba kulira. Ukabwerako ku masiku atatuwo undilembere, undiuze zimene anyamata a pa makreti aja akakuuze.

Ndine,
Azakhali ako