Phunziro 14: As usual

Amayi ndi abambo, lero tiphunzira mawu aŵiri a Chingerezi. Wina afunsa: Chingerezi n'chachiyani, poti boma lathu limalemba m'Chipwitikizi? Yankho lili pamalire. Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, maiko oyandikana ndi chigawo chathu cha Tete, onse amayendetsa za boma m'Chingerezi. Mlimi wa ku Angónia akapita ndi mbatatesi ku Calomue kapena ku Lizulu, amamva Chingerezi chitaloŵerera m'Chichewa cha ogula.

Tiŵerenge pamodzi:

As usual.
Timatchula kuti: azi yuzhuwo.
Tanthauzo lake: monga mwa masiku onse.
M'Chipwitikizi: como de costume.

Mawu ameneŵa timanenera chinthu chimene chachitika kaŵirikaŵiri mpaka tachizoloŵera. Chinthu chongoyamba lero sitichinenera mawu ameneŵa.

She came early, as usual.
Wabwera m'mamaŵa, monga mwa masiku onse.

The bus is late, as usual.
Basi yachedwa, monga mwa masiku onse.

Chiganizo choyamba chikuyamikira. Chachiŵiri chikudandaula. Mawu ndi amodzimodzi, tsono mverani kamvekedwe kake ndipo yang'anani nkhope ya wolankhulayo. Ineyo kusekondale ndinkayesa kuti ndi mawu aulemu basi. Ndinawamvetsa bwino kumsika.

Taganizirani. Muli ndi wogula amene amatenga mbatatesi zanu sabata ndi sabata. Wafika, wakupatsani moni, ndiye akuti: "As usual?" Sanatchule matumba. Sanatchule mtengo. Sanatchule tsiku lolipira. Inu mukangogwedeza mutu, mwavomera zonse zitatu monga zinalili kale. Ngati anazoloŵera kulipira mochedwa, kuchedwa komweko mwakuvomeranso.

Pamenepo ndi pamene pagona nkhani. Feteleza amakwera. Mwini ngolo amakweza mtengo. Ndalama nayo imasintha mphamvu. Mu Novembala 2023, kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 alionse. Mlimi wolandira makwacha omwe aja a kale, posintha amapeza mametikali ochepa, chonsecho thumba ndi lomwe lija, thukutanso ndi lomwe lija.

Wogulayo mwina si wakuba. Wangozoloŵera, monga inunso mwazoloŵera. Koma yankho likhale lokonzeka pakamwa panu:

Not today.
Lero ayi.

The price has changed.
Mtengo wasintha.

How many bags?
Matumba angati?

Mukatero, bwererani ku Chichewa, mukambirane mtengo momveka, muulembe m'kope.

Ntchito

1. Lembani As usual katatu. Samalani: chilembo u chilimo kaŵiri.
2. Tchulani zinthu ziŵiri zimene mumachita tsiku ndi tsiku, ndipo kumapeto kwa chilichonse nenani as usual.
3. Khalani aŵiriaŵiri. Wina akhale wogula, wina wogulitsa. Wogula afunse "As usual?" Wogulitsa akane mwaulemu, atchule mtengo watsopano. Kenaka sinthanani.