Barnaba Woyera, Mtumwi Amene Adakatenga Womposa

Pa 11 June chaka ndi chaka Eklezia amatikumbutsa za Barnaba Woyera, ndipo wansembe akamachita Misa ndi Pemphero Loyamba la Ukaristia amatchula dzina lake pamodzi ndi Yohane, Stefano ndi Matiasi. Komabe ndikadati ndiime pakhomo pa tchalitchi tsiku la Mulungu, ndi kufunsa aliyense wotuluka kuti andiuze chinthu chimodzi chokha chimene Barnaba adachita, ndiyesa ambiri akadangoweramitsa mitu. Za Petulo tidziwa, za Paulo tidziwa, koma za Barnaba tidziwa dzina lokha. Kuiwalika kwakeku ndi chipatso cha ntchito yake yomwe, ndipo m'menemo ndimo muli phunziro lathu.

Dzina lake lobadwa nalo lidali Yosefe. Adali Myuda wa fuko la Levi, mbadwa ya pa chisumbu cha Kipro, chimene lero chitchedwa Cyprus. Sadali mmodzi wa khumi ndi awiri aja, komabe Luka Woyera m'buku la Ntchito za Atumwi amutchula mtumwi pamodzi ndi Paulo. Atumwi ndiwo adamupatsa dzina loti Barnaba, kutanthauza munthu wolimbitsa anzake mtima. Ndipo tonse tidziwa kuti dzina limene anthu akupatsa utakula kale silinama kawirikawiri. Poyamba penipeni timuona akugulitsa munda wake, nadza nazo ndalama kudzazitula kwa atumwi kuti zithandize osauka. Amene adakanganapo ndi mbale wake chifukwa cha mzere umodzi wa m'malire adziwa kulemera kwake kwa mphatso yotere. Luka atangotha kusimba zimenezi akutiuza za Ananiya ndi Safira, amene adasirira mbiri yonga ya Barnaba koma adakana kulipira mtengo wake wonse. Tsono kupereka munda kudali kwapafupi poyerekeza ndi zimene Barnaba adadzapereka pambuyo pake.

Patapita zaka zitatu chitembenukire, Saulo adafika ku Yerusalemu nayesa kulowa m'gulu la ophunzira, koma onse adamuopa. Tisawadzudzule msanga. Munthuyo ndi yemwe uja adavomereza kuphedwa kwa Stefano, yemwe uja ankalowa nyumba ndi nyumba kugwira amuna ndi akazi omwe ndi kuwaponya m'ndende. Mwa amene adasonkhana tsiku limenelo muyenera kuti mudali ena amene abale awo adazunzika m'manja mwake. Ndani akadatsimikiza kuti sadabwere kudzazonda? Barnaba yekha adamutenga napita naye kwa atumwi, nawafotokozera m'mene Ambuye adamuonekera pa njira ndi m'mene adalalikira mopanda mantha ku Damasiko. Potero adaika mbiri yake yonse ngati chikole. Saulo akadakhala wonyenga, mlandu wonse ukadagwera Barnaba. Sipadapite nthawi, Ayuda ena adapangana zopha Saulo, ndipo abale adamuperekeza ku Kesareya namutumiza kwao ku Tariso. Kumeneko adakhala zaka zingapo, osamveka.

Imfa ya Stefano idabalalitsa akhristu, ndipo ena a iwo, anthu a ku Kipro ndi a ku Kirene, atafika ku Antiokeya adayamba kulalika Ambuye Yesu kwa Agriki omwe, anthu osaumbalidwa ndi osadziwa Malamulo a Mose. Antiokeya udali mzinda wachitatu pa ukulu mu ufumu wa Aroma, wopambanidwa ndi Roma ndi Alexandria yokha. Ndiwo mzinda wa Antakya m'dziko la Turkey, umene chivomezi cha pa 6 February 2023 chidauononga kwambiri. Mbiri ya zochitika kumeneko itamveka ku Yerusalemu, akulu a mpingo adatuma Barnaba kuti akaone.

Apa ndipo tiyenera kuimapo pang'ono. Munthu wotumidwa ndi likulu kukayendera ntchito imene adaiyamba ena popanda chilolezo, kodi amapita ndi maso otani? Ife ansembe tiwadziwa maso amenewo, pakuti tidapenyedwa nawo, ndipo nafenso tidapenyera nawo anzathu. Mlevi wolera m'Malamulo akadapeza zolakwika zochuluka ku Antiokeya: zakudya zawo, mapempheredwe awo, miyambo yachikunja imene idali isadawachoke. Koma Luka akuti chimene Barnaba adaona chidali chaulere cha Mulungu, ndipo adakondwa nacho. Ntchito sadaiyambe iye, anthuwo sadali a mtundu wake, palibe adamufunsa nzeru. Iye adakondwa basi.

Pa katekisimu tidaphunzira kuti chaulere ndi mphatso imene Mulungu apereka kwa munthu chifukwa cha zoyenerera za Yesu Khristu, osati chifukwa cha zathu. Mawuwa tidawaloweza tili ana, koma zotsatira zake n'zowawa. Ngati chaulere chili chaulere ndithu, ndiye kuti Mwini wake ali ndi ufulu wochipereka kwa mnzanga mopambana m'mene adandipatsira ine, ndipo ine ndilibe podandaulira. Nsanje ya m'mpingo, tikaiyang'anitsitsa, ndi kukangana ndi Mulungu pa kagawidwe ka katundu wake. Tomasi Woyera wa ku Aquino, amene adamwalira mu 1274, adaphunzitsa kuti mwa munthu aliyense muli zinthu ziwiri, za Mulungu ndi za munthu mwini, ndipo kudzichepetsa ndiko kugonjetsa zanga za ine mwini pamaso pa za Mulungu zimene zili mwa mnzanga. Choncho wodzichepetsa sanama kuti alibe nzeru pamene ali nazo, ndiponso sayenda chowerama kuti anthu amutame. Iye ali ndi diso lotha kuzindikira dzanja la Mulungu m'munda wa wina.

Anthu adachuluka ku Antiokeya, ndipo Barnaba ndiye adali mkulu wawo. Akadatha kukhala pomwepo mpaka imfa, wolemekezeka ndi wopanda wopikisana naye. M'malo mwake adanyamuka ulendo wa masiku angapo kunka ku Tariso kukafunafuna Saulo, ndipo atamupeza adabwera naye. Sindikhulupirira kuti sadadziwe munthu amene ankamutengayo. Saulo adali wophunzira wa Gamaliele, wakuthwa pa Malembo, wosagonja pa mtsutso, munthu woti akalowa m'nyumba maso onse amatembenukira kwa iye. Makolo athu adati atambala awiri salira m'khola limodzi. Barnaba adakatenga yekha tambala wolira mokweza kuposa iye, chifukwa adaona kuti nkhosa za Ambuye zikumusowa. Adaphunzitsa limodzi chaka chathunthu, ndipo kumeneko ndiko ophunzira adayamba kutchedwa akhristu, dzina limene inu ndi ine tili nalo lero. Njala itagwa m'masiku a mfumu Klaudio, amene adalamulira kuyambira mu 41 mpaka mu 54, awiriwa ndiwo adanyamula thandizo la mpingo wa Antiokeya kunka nalo kwa abale a ku Yudeya.

Wowerenga mosamala adzaona kanthu kakang'ono m'kalembedwe ka Luka. Potchula aneneri ndi aphunzitsi asanu a ku Antiokeya, ayamba ndi Barnaba natsiriza ndi Saulo. Mzimu Woyera powapatula kuti apite ku ulendo woyamba, Barnaba ndiye ali patsogolo. Koma atafika ku Pafosi pa chisumbu cha Kipro, kwao kwenikweni kwa Barnaba, Saulo ndiye adatsutsa wamatsenga Elima pamaso pa bwanamkubwa Sergio Paulo. Kuyambira pamenepo Luka amutchula Paulo, ndipo pochoka pa chisumbucho gulu lonse lasanduka la Paulo ndi anzake. Barnaba walowa m'gulu la anzakewo. N'zoona kuti m'malo ena, makamaka ku Yerusalemu kumene ankamudziwa kuyambira kale, dzina lake libweranso patsogolo. Koma wolankhula tsopano ndi Paulo. Ku Listara, Paulo atachiritsa munthu wopunduka chibadwire, anthu adayesa Barnaba mulungu wawo Zeus, ndi Paulo Hermes popeza ndiye ankatsogolera polankhula. Wansembe wa Zeus adadza ndi ng'ombe ndi nkhata za maluwa kuti awaperekere nsembe, koma awiriwo adang'amba zovala zawo nathamangira pakati pa anthu kukawaletsa. Palibe pamene timva Barnaba akukumbutsa Paulo za amene adamutsegulira chitseko ku Yerusalemu.

Zoterezi si za ku Antiokeya kokha. Ambuye Cornelio Chitsulo, amene adalandira unsembe mu 1937, atadzozedwa uepiskopi mu 1957, ansembe achimishoni a m'dera la Dedza adayamba kulandira malamulo kwa mwana wa dziko lino. Ine ndemwe ndidaphunzira katekisimu kwa mphunzitsi wina wachikulire pa tchalitchi chaching'ono cha kumudzi, amene adapalasa njinga kukandinenera kwa bambo mfumu kuti mwana uyu ayesedwe ku seminale. Nditabwerera nditavala kasula, madala aja adagwada pansi kupempha dalitso kwa mwana amene adamukokapo khutu. Ndidachita manyazi kwambiri, koma iwo nkhope yawo idali yowala. Komanso tisabise kuti m'miphakati mwathu, m'makwaya ndi m'mabungwe muli ena amene akhala pa mpando zaka zambiri, ndipo akaona wachinyamata waluso amayamba kumufunira zifukwa mpaka atagwa ulesi nasiya. Wotereyu amati akuteteza mpingo. Adzifunse yekha ngati pali Saulo wina amene iye wamusiya dala ku Tariso.

Tsono musayese kuti Barnaba adali munthu wosagwa. Malembo Oyera sabisa zofooka za oyera, ndipo n'chifukwa chake tingathe kuwakhulupirira. Paulo m'kalata yake kwa Agalatiya asimba kuti Petulo ali ku Antiokeya ankadya pamodzi ndi akhristu a mitundu ina, koma atafika anthu ena ochokera kwa Yakobo adayamba kudzipatula chifukwa cha mantha, ndipo Barnaba yemwe adatengeka nazo. Taganizani: munthu uja adakondwa poona chaulere cha Mulungu mwa Agriki, tsopano akunyamuka pa mphasa yawo kukadyera kwina. Ili ndilo dzenje la anthu ofatsa. Pofuna kusakhumudwitsa alendo olemekezeka, adakhumudwitsa ana ake a m'nyumba. Kuopa anthu kumavala nsalu yofanana ndi ya kudzichepetsa, koma si pachibale. Tsiku limenelo Barnaba adafunika kuongoledwa ndi munthu yemwe iye adamukweza, ndipo chaulere chimene adachizindikira mwa Saulo kalelo chidabwerera kudzamuchiritsa iye mwini.

Kenaka padabuka mkangano wa Yohane Marko. Mnyamatayu adatsagana nawo pa ulendo woyamba, koma atafika ku Perga adawasiya nabwerera ku Yerusalemu. Pokonzekera ulendo wachiwiri, cha m'ma 50, Barnaba adafuna kumutenganso, Paulo adakana, ndipo adatsutsana kolimba mpaka adapatukana. Paulo adasankha Silasi. Barnaba adatenga Marko nalowa m'chombo kunka ku Kipro. Ena amati Barnaba adakondera chifukwa Marko adali msuweni wake, ndipo mwina magazi adalankhulako, pakuti oyera nawonso ali ndi abale. Paulo adali ndi mfundo yake: ulendo wa miyala ndi zikoti sufuna munthu wobwerera pa njira. Koma ine ndiima ndi Barnaba. Adachitira Marko chomwe chija adachitira Saulo, kuimira munthu amene mbiri yake idaonongeka; ndipo nthawi iyi mtengo wake udali waukulu koposa, pakuti adataya malo ake pa ntchito yaikulu ya kwa anthu a mitundu ina. Kuchokera pamenepo Luka atsata Paulo ku Filipi, ku Atene, ku Korinto mpaka ku Roma, ndipo dzina la Barnaba silimvekanso m'buku lake.

Kodi adaleka ntchito chifukwa palibenso ankamulemba? Iyayi. Patapita zaka zingapo, Paulo polembera Akorinto amutchula ngati mtumwi mnzake amene, monga iye, ankagwira ntchito ndi manja ake kuti apeze chakudya, osalemetsa mpingo. Mawu ochepawo atiuza kuti Barnaba adali akulalikabe, ndi kuti Paulo adali akumulemekezabe. Mwambo wakale wa akhristu a ku Kipro umati adafera chikhulupiriro ku Salami, mzinda umene adayambira kulalika pamodzi ndi Paulo, ndipo mpaka lero Eklezia wa pa chisumbucho amamutenga ngati tate wake. Kalata ina yakale yotchedwa ndi dzina lake ilipo, koma akatswiri avomerezana kuti adailemba ndi munthu wina. M'Chipangano Chatsopano chonse mulibe ngakhale chiganizo chimodzi chimene chidalembedwa monga mawu a Barnaba yekha.

Nanga Marko uja? Petulo m'kalata yake yoyamba amutchula mwana wake, ndipo akhristu oyamba adatisiyira umboni wakuti iyeyu ndiye adalemba zimene Petulo ankalalika, Mthenga Wabwino umene timva ukuwerengedwa pa Misa. Paulo ali m'ndende adalembera Akolose kuti Marko akafika amulandire bwino. Ndipo m'kalata yachiwiri kwa Timoteo, atasiyidwa ndi ambiri, atatsala ndi Luka yekha, akuona kuti imfa yayandikira, adapempha Timoteo kuti pobwera adze naye Marko, popeza adali womuthandiza pa utumiki. M'kalata imeneyo Paulo atchula anthu ambiri, atchula ngakhale chofunda chimene adachisiya ku Troasi; dzina la Barnaba mulibe.