Chifukwa Chake Mfutso Suola

M'mwezi wa Febuluwale, pamene mvula yakhazikika ndipo maungu ayanga m'mizere ya chimanga, palibe mayi amene amasauka ndi ndiwo, pakuti nkhwani, khwanya, chitambe, bonongwe, luni ndi chisoso zimachita kumera mpaka kuseri kwa khola, kotero kuti ana amayamba kuzinyoza nafunsa ngati usipa udzalowanso m'nyumba muno. Koma ukafika Okutobala, dzuwa litawamba tchire lonse ndi mitsinje itaphwa, ndiwo zomwe zija zimafuna ndalama, ndipo amene alibe dimba kudambo amasuwa nsima ndi madzi amchere. Makolo athu anaona kalekale kusiyana kwa nyengo ziwirizi, ndipo monga anachitira Yosefe ku Aigupto, posunga dzinthu za zaka za mwanaalirenji kuti zidzadyedwe m'zaka za njala, iwonso anapeza nzeru yosungira masamba a m'dzinja kufikira m'malimwe. Nzeruyo ndiyo kufutsa. Ambiri a inu munaona agogo anu akufutsa, ndipo manja anu ntchitoyi aidziwa kuposa manja a mphunzitsi. Chimene tifuna kulongosola pano ndicho chifukwa chake tsamba limene likadaola m'masiku atatu limakhala miyezi yambiri osaonongeka.

Tiyambe ndi madzi. Tsamba laliwisi, ngakhale lioneka lolimba m'dzanja, magawo ake pafupifupi 9 mwa magawo 10 ndi madzi okhaokha, ndipo ndicho chifukwa chake nkhwani wodzaza dengu, ukauma, sudzaza ngakhale lichero. Tsono nkhungu, imene imamera pa nsima yogona ndi pa chimanga chonyowa, pamodzi ndi tizilombo tina tosaoneka ndi maso timene timaoletsa chakudya, sizingathe kukhala ndi moyo kapena kuswana popanda chinyezi, monga momwe mbewu siingamere m'nthaka youma. Munthu akachotsa madzi m'tsamba walanda tizilomboto chitsime chake. Sitifa tonse ayi. Timangogona kudikira tsiku limene chinyezi chidzabwerera, ndipo mawu amenewa muwasunge, pakuti tidzawafunanso pofika pa kasungidwe.

Wina adzafunsa kuti, ngati nkhani ndi kuchotsa madzi, nanga bwanji timayamba ndi kuika masamba m'madzi owira? Funso limeneli nlabwino. Tsamba likathyoledwa silifa pomwepo, koma m'kati mwake mumatsala mphamvu zina zimene zimapitiriza ntchito, ndipo ndizo zimasandutsa tsamba lobiriwira kukhala lachikasu, kulichotsa fungo lake ndi kudya pang'onopang'ono zofunika m'thupi zimene linasunga. Moto ndiwo umaletsa mphamvuzo, nuphanso mazira a mbozi obisala m'makwinya, nufewetsa khungu la tsamba kuti madzi atuluke msanga poyanika. Koma moto ndi mlendo wosayenera kukhalitsa. Madzi ayambe awira bwino, muthiremo kamchere, ndipo masamba anthete akhalemo mphindi 2 kapena 3 zokha, okhwimirako apitirire pang'ono. Akangofota ndi kubiriwira kwambiri, avuuleni. Mukaona madzi a mumphika asanduka obiriwira ngati ndele za padziwe, dziwani kuti chakudya cha ana anu chatsalira m'madzimo, ndipo chimene mukukayanika ndi makoko.

Za kutchera sitichulukitsa mawu. Tcherani m'mawa mame atakamuka, musankhe masamba anthete opanda mawanga, musalande chomera masamba onse chingaleke kubala, ndipo nkhwani muusadzule ndi kuutsuka musanauike pamoto. Nthawi yabwino ndi kumapeto kwa Malichi ndi mu Epulo, mvula ikuthaitha, masamba asanakalambe; papsa tonola, sudziwa mtima wa moto.

Pa kayanikidwe mpamene ine ndisiyana pang'ono ndi mwambo wa kwathu, ndipo ndipempha akuluakulu andikhululukire. Tinazolowera kuyala mphasa pabwalo, padzuwa la masana, kapena kumwaza ndiwo padenga la malata, chifukwa pamenepo zimauma tsiku limodzi. Komatu m'masamba obiriwira muli chakudya chimene thupi limachisandutsa vitamini A, amene amasunga maso kuti aziona bwino kukamada ndi kuthandiza thupi la mwana kulimbana ndi matenda, ndipo kuwala kwa dzuwa kumachiononga chakudya chimenechi monga momwe kumasulutsira chitenje choiwalika pachingwe. Mfutso wotuwa ngati udzu wataya zambiri. Wosungabe kubiriwira kwake wasunga zambiri. Chifukwa chake nkwabwino kumanga thandala pamthunzi podutsa mphepo, pakhonde kapena pansi pa chisakasa, pamene nkhuku, mbuzi ndi fumbi sizifika, ndi kumwaza masamba mopyapyala, osaunjika, kuwatembenuza kawiri kapena katatu pa tsiku, ndi kuwalowetsa m'nyumba madzulo mame asanagwe. Adzatenga masiku ochulukirapo, inde, koma kuona maso a nkhono nkudekha. Kukakhala kwa mitambo, kuti mwina nkhungu ingakuyambirireni, pamenepo atulutseni padzuwa mutaphimba ndi kansalu koyera kopepuka.

Tisanamizane: mfutso sufanana ndi ndiwo zaziwisi m'zonse. Mchere wa m'nthaka umene umathandiza magazi ndi mafupa umatsala ndithu, pakuti suuluka ndi nthunzi, koma vitamini C amatha pafupifupi yense, ndipo ameneyo tiyenera kumufuna m'malambe, m'mapapaya ndi m'mandimu.

Kuti mudziwe ngati wauma, tengani pang'ono mufinye m'dzanja: ukalira ndi kufumbutuka, watha, ukapindika mwakachetechete ngati chikopa, ubwezeni pathandala, pakuti dzanja limodzi lonyowa limaoletsa mtsuko wonse. Agogo athu ankakulunga mfutso m'masamba aakulu a msuku, namanga ndi luzi, napachika zikwatuzo kutsindwi pamwamba pa moto, pamene kutentha kumapirikitsa chinyezi ndipo utsi umaingitsa tizilombo. Munthu akaganiza bwino aona kuti anthu amene sanaonepo bolodi la sukulu anadziwa zambiri mwa zimene tafotokozazi. Lero ena amasunga mumtsuko wouma womata pakamwa, kapena m'chigubu chotsekeka bwino, ndipo nkoyenera, malinga chikhale pouma ndi pamdima, ndi kusuzumiramo kamodzi pamwezi.

Tsiku lophika, tapani dzanja limodzi kapena awiri, pokumbukira kuti mfutso umafufuma, muuviike m'madzi ofunda kwa kanthawi, ndipo ngati munauyanika poyera madzi omwewo muphikire, musawataye. Ukafewa, ikani tomato, anyezi ngati alipo, ndi mchere. Chidulo kapena soda zimafewetsa msanga, koma zimaononga ena mwa mavitamini amene mwavutikira kusunga, kotero muthire pang'ono pokha pamene masamba akanika. Pomaliza pake tenderani ndi nsinjiro, pakuti vitamini A salowa bwino m'thupi popanda mafuta, ndipo mafuta a mtedza ndiwo amamunyamula. Mtedzawo muusankhe musanasinje, kutaya wonse wofota, wowawa ndi wa chuku, umene uli ndi poizoni woononga chiwindi amene moto sumupha. Thirani nsinjiro pamwamba, vundikirani kuti zipse ndi nthunzi, kenaka takasani ndi mthiko pamoto wochepa kwa mphindi ngati 10, kufikira fungo la mtedza wauwisi litatha ndipo tadontho ta mafuta tayamba kuoneka m'mbali mwa mphika.