Viza ya makolo: ndalama zizioneka kochokera

Ogulitsa usipa ku Senga Bay kapena mpunga pa Kamuzu Road, amene makolo awo opuma pantchito akufuna kukaona mwana ku Britain, adziwe kuti oona za viza amafufuza komwe ndalama zachokera. Viza ya mlendo imalola kukhalako mpaka miyezi 6, ndipo palibe mlingo woikika wa ndalama zoonetsa. Chofunika ndi masitetimenti a kubanki a miyezi ingapo, umboni wa penshoni ndi kalata ya mwanayo yonena zomwe adzalipire. Kuthira ndalama zobwereka mu akaunti patatsala masiku ochepa kumakayikitsa, ndipo akakana, ndalama yofunsira viza sabweza. Wamalonda wothandiza makolo aziwatumizira kudzera kubanki mwezi ndi mwezi n'kumasunga malisiti.