Kiyibodi yakale musaitaye: kuipeza, kuizindikira ndi kuitsuka

Pa boma la Katete, m'kashopu kena kochita fotokope, ndinaona kiyibodi ili pansi, yotsekereza chitseko kuti chisamenyetseke ndi mphepo ya mu Ogasiti. Nditaitola, dzanja linatsika. Inkalemera ngati paketi ya shuga ya makilogalamu 2. Kumimba kwake kunali kapepala kofiirira ndi fumbi kolembedwa IBM, tsiku limene inapangidwa, ndi dziko la United Kingdom. Mwini shopu anaseka. "Tengani, abambo, inafa kale iyo. Pulagi yake silowa paliponse." Ndinamusiyira ya zakumwa. Kiyibodiyo ndi imene ndikulembera mawu ano.

Zambiri zimene anthu amati zinafa, zinangosowa polowa. Kompyuta yake inapita, ya tsopano ili ndi mabowo a USB okhaokha, ndiye kiyibodi nkuponyedwa m'sitolo pamodzi ndi matayala akutha.

Kofunafuna si kutali. Yambani ndi okonza mawailesi ndi mafoni m'misika ya m'mbali mwa Great East Road, ku Katete ndi ku Sinda. Pansi pa tebulo lawo sipasowa katoni ya zinthu zimene eni ake sanabwerenso kudzatenga. Funsani akalaliki ndi aziphunzitsi opuma ntchito, makamaka amene anagwirako ku Lusaka kapena ku migodi nabwerera kumudzi ndi katundu wawo yense. Funsaninso m'maofesi a mipingo. Ku Vubwi musayembekezere zambiri, chifukwa derali linakhala boma palokha mu 2012, litachoka ku Chadiza, ndipo maofesi ake anayamba ndi makina a masiku ano. Wa kumeneko atume mbale wa ku Chipata, kapena amene amapita ku Lusaka kukaoda katundu.

M'masukulu munalowa makompyuta ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera pamene phunziro la kompyuta linaikidwa m'silabasi yatsopano, ana a giredi 9 nkuyamba kulilembera mayeso mu 2015. Koma apa chenjerani. Katundu wa sukulu kapena wa ofesi ya boma, ngakhale atadzala ndi kangaude, ali m'buku ndipo ali ndi njira yake yomugulitsira. Mlonda akakuuzani kuti "ingonyamulani," musanyamule. Mlandu wake ungapose mtengo wa kiyibodi.

Tsono si yakale iliyonse imene ili yabwino. Zochuluka za Dell ndi HP za m'ma 2000 zili ndi kamphira pansi pa batani lililonse. Zimagwira ntchito, koma sizisiyana kwenikweni ndi zatsopano zotchipa. Imene mukufuna muidziwa ndi manja komanso makutu.

Inyamuleni kaye. Ikakhala yolemera, mkati muli chitsulo, ndipo ndi chizindikiro chabwino. Kenako dinani batani limodzi pang'onopang'ono, khutu lili pafupi. Ya mphira imangonyoshoka ngati mwaponda nthochi yakupsa. Yabwino imakana pang'ono, kenako nkuti thwa! ndipo chala chimamva kuti chilembo chalowa batani lisanafike pansi. Ya IBM imene ndanena ija dzina lake ndi Model M. Inayamba kupangidwa mu 1985, ndipo pansi pa batani lililonse pali kasipuling'i kamene kamapindika mukakadina nkumenya khoma la kachubu kake. Phokoso lija ndi lomwelo. Zina zinkapangidwa ku Lexington m'dziko la America, zina ku Greenock ku Scotland. Zokhala ndi chizindikiro cha ndalama ya £ pamwamba pa nambala 3 ndi za kalembedwe ka ku Britain, ndipo kuno musadabwe kuziona. Nambala yotchuka pakapepala kakumimba ndi 1391401. Kuyambira mu 1991 zinkapangidwanso ndi kampani ya Lexmark, choncho dzina limeneli mukaliona musaibweze.

Zina zoyenera kutola ndi Dell AT101W, yaikulu ngati thireyi, imene ili ndi masiwichi a Alps, komanso za kampani ya ku Germany ya Cherry, monga G80-3000. Kuti mutsimikize, zulani batani limodzi. Mukapeza kamtanda ka pulasitiki, kawirikawiri ndi siwichi ya Cherry MX. Kampata kamakona anayi kotsetsereka ndi ka Alps. Kasipuling'i koima m'chubu ndi IBM. Koma mukangoona kamphira kotukuka ngati kabowa, ndi wamba.

Zaka zake muziwerenga pa batani la Windows, lija la kambendera pakati pa Ctrl ndi Alt. Linabwera mu 1994. Kiyibodi yopanda batanili, nthawi zambiri, ndi yakale kuposa pamenepo.

Musanapereke ndalama, igwedezeni. Mu Model M mukamalira tinthu ngati chimanga m'chitini, ndi timisomali tapulasitiki togwira chitsulo cham'kati tathothoka. Tiwiri titatu si nkhani. Koma ikamalira ngati chisekese, mabatani ena sadzagwira, ndipo kuikonza kumafuna kuboola ndi kumanga timabawuti tambirimbiri. Onaninso chingwe ngati makoswe sanachilawe.

Pulagi ndiyo imagwetsa anthu ulesi, ndipo inenso inandidyera ndalama. Yaing'ono yozungulira, ya timapini 6, nthawi zina yapepo, ndi PS/2, imene IBM inabweretsa mu 1987. Yaikulu ngati chala chamanthu, ya timapini 5, ndi yakale kuposa apo, ndipo ambiri mwa makiyibodi otere amangofuna kolumikizira kosavuta kuti pulagiyo ikhale PS/2. Kuchoka pa PS/2 kupita ku USB ndi pamene pali msampha. Ndinagula ku Lusaka kachidutswa kakang'ono, mbali ina USB mbali ina bowo lozungulira, wogulitsa akulumbira kuti kamagwira chilichonse. Nditafika kunyumba, zii. Kameneko kamangolumikiza mawaya basi, pamene kiyibodi yakale sidziwa chilankhulo cha USB. Chofunika ndi kachingwe kokhala ndi kabokosi pakati, kamene kali ndi kachipangizo komasulira. Kawirikawiri kamakhala ndi michira iwiri, wapepo wa kiyibodi ndi wobiriwira wa mausi. Ngati nkotheka, pitani nayo kiyibodiyo kushopu mukayesere pomwepo. Ngati kompyuta yanu ikadali ndi bowo la PS/2, izimitseni kaye musanalowetse pulagi. Ya Apple yakale, ya timapini 4, imaoneka ngati ingalowe koma ndi ya mtundu wina, musaikakamize.

Kutsuka kumafuna tsiku lopanda changu. Choyamba jambulani kiyibodi yonse ndi foni, apo ayi mudzakhala mukukangana ndi ana kuti M anali kuti, N anali kuti. Itembenuzeni panja, muimenye pang'ono kumsana. Zimene zimagwa musadye pafupi: makoko a nshawa, mapiko a mphemvu, timapini ta mapepala, fumbi lofiira la zaka makumi atatu. Zulani mabatani ndi kawaya kopinda ngati chilembo U, mukukoka molunjika m'mwamba. Aakulu, monga lalitali la pansi lija ndi Enter, ena ali ndi kachitsulo kowagwira. Ngati simuli wotsimikiza, asiyeni pomwepo muwapukute ndi kansalu. Enawo aviikeni m'beseni la madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale kwa ola limodzi, muwakweche ndi mswachi wakutha, mutsukuluze, muyanike pa chitenje pamthunzi mpaka mawa lake. Pamthunzi, ndatero. Dzuwa la mu Okutobala pa lata likhoza kupinda pulasitiki. Kadontho kamodzi kotsalira m'batani kamatsikira pa sipuling'i nkuyambitsa dzimbiri.

Thupi lake la kiyibodi lisaone madzi. Gwiritsani burashi youma ya penti, ndipo litsiro louma mulichotse ndi kathonje konyowetsa ndi sipiriti. Mafuta ophikira, a njinga, palafini, mankhwala opopera udzudzu, zonsezi ayi. Zimaitana fumbi, zina zimadya pulasitiki. Mukafuna kutsegula Model M, mabawuti ake amafuna sipanala yopyapyala ya mamilimita 5.5. Pulayala imangowononga mabowo.

Za mtengo ndinene mosabisa. Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene amasonkhanitsa makiyibodi otere ndipo amagula bwino, koma kutumiza chinthu cholemera chotero kuchokera kuno kumadya phindu lambiri. Amene akuganiza zolemera nazo, bola akalime soya. Phindu lake lenileni ndi la pakhomo. Mwana amene kusukulu amagawana kompyuta imodzi ndi anzake angapo angaphunzire malo a zilembo pa kiyibodi yosalumikiza nkomwe, magetsi alipo kapena palibe. Muonetseni tizizindikiro totukuka pa F ndi J, pamene zala zolozera zimakhala, aziyeserera osayang'ana. Kachingwe ka OTG kamalola kiyibodi ya USB kulemba pa mafoni ambiri a Android. Yakale yodzera m'kabokosi kaja imakoka moto wochulukirapo, choncho yesani muone ngati foni yanu ikwanitsa. Ndipo wofuna chilembo ŵ, chimene makiyibodi ambiri alibe, mu Microsoft Word alembe 0175 kenako adine Alt ndi X pamodzi.

Mukakhala nazo ziwiri kapena zitatu, musaziunjike m'katoni pansi, chiswe chimakonda katoni. Ikulungeni iliyonse m'chitenje chakale, chingwe chitapindidwa momasuka, muike pamwamba pa kabati kutali ndi podontha. Mvula ikayamba mu Novembala muzizitulutsa kamodzi pa mwezi, mudine mabatani onse, muone ngati chinyezi sichinalowe. Yanga ndimaifunditsa kansalu usiku uliwonse. Vuto lake ndi limodzi: ndikalemba usiku, amayi a kunyumba amati m'nyumba mwalowa wosoka pa makina, ndipo ikafika 21 koloko ndizikalembera ku khonde.