Mulunguzi Akasintha Mtundu, Tulukani M'madzi

Mathithi a Williams, pamwamba pa phiri la Zomba, si oopsa m'maonekedwe. Madzi a Mulunguzi sagwa kuchokera patali ndi mkokomo wogonthetsa m'khutu. Amatsika mofatsa pamatanthwe osanjikizana, n'kukapuma m'timaiwe tosazama momwe munthu amaima madzi n'kumulekeza m'mawondo. N'chifukwa chake Loweruka pamadzaza anthu: ophunzira a pa yunivesite ya ku Chirunga, achinyamata a m'mipingo, akwati ofuna zithunzi, mabanja ochokera ku Blantyre atanyamula mbaula zootchera nyama. Kufatsa komweko n'kumene kumapweteketsa anthu. Wopita ku Sapitwa, pa phiri la Mulanje, amayamba watsanzika kwawo ndi kupempherera ulendo. Wopita ku Williams amangopisa mapazi m'masilipasi, ulendo.

Chimatinamiza n'kuyandikira kwa phirili. Tawuni ya Zomba, yomwe idali likulu la dziko lino mpaka 1975, idatsamira m'tsinde mwake mwenimweni, ndipo msewu wa tala umakufikitsa pamwamba, ku Ku Chawe, usadatope n'komwe. Koma tawuni ili pamtunda wa mamita pafupifupi 900, pomwe nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera. Ndiye kuti mu msika wa Zomba mutha kumatuluka thukuta, kumtunda kukugwa mvula yozizira imene inu simukuidziwa.

Mwana wa mlongo wanga, pamene ankaphunzira ku Chirunga, adakwerako ndi anzake tsiku lina m'mwezi wa Januwale. Adanyamuka mochedwa, dzuwa lili paliwombo, kudzera njira ya Potato Path ija imene alimi ankatsitsira mbatata zawo kumsika. Atafika pamwamba, mnyamata wina wolondolera alendo adawayandikira kuti awaperekeze. Adamuseka. Iwo ndi ana a konkuno, phirili amaliona tsiku lililonse ali pakhonde la hositelo, agaidi ndi a azungu. Ndalama yomwe akadamupatsa adaonjezera pa zakumwa.

M'mbali mwa msewu wafumbi wopita ku mathithi adapeza bambo wachikulire akugulitsa zipatso m'timbale. Atawagula, bamboyo adaloza chakumpoto komwe mtambo udali utada.

"Ana anga, kumtundako kwalemera. Mukasamba musachedwe, ndipo musawoloke tsidya."

"Zikomo bambo, tamva," adayankha mmodzi, koma mapazi ali kale m'njira. Pamwamba pawo thambo lidali loyera, ndiye mawu a munthu wogulitsa zipatso akadalowa bwanji m'mutu mwa anthu a ku yunivesite?

Pamathithi padali bwino zedi. Adasamba, adadya, nyimbo zikulira pafoni. Mtsikana wina ndi anyamata awiri adawoloka n'kukwera thanthwe la pamwamba, poti chithunzi chimakoma pamenepo. Amene adatsala kumunsi adaona chinthu chimene sadachimvetse: madzi omwe adali oyera moonetsa mchenga wa pansi adayamba kufiirira, ndipo pamwamba pake pankayandama masamba, timitengo ndi singano za paini. Mkokomo udakula pang'ono. Mwala umene adaikapo nsapato udamira. Dontho la mvula ngakhale limodzi lidali lisadawagwere.

Atatu aja ataona kuti njira yobwerera ikutsekeka, adachita chimene munthu wamantha aliyense amachita, kuthamangira kuwoloka madzi asadachuluke. Anyamata adadumpha n'kufika. Mtsikana adaponda pamwala wa ndere, phazi lidaterereka n'kulowa mumng'alu, thupi n'kugwera kwina. Anzake adamva kuti thyo! Adamukoka madzi atamufika m'chifuwa, ndipo chomwe chidamupulumutsa n'chakuti mwana wa mlongo wanga adamugwira lamba wa thalauza osataya.

Ambiri amaganiza kuti munthu akatuluka m'madzi ndiye kuti zatha. Apa m'pamene mavuto adayambira. Mvula ija idawapeza, nkhungu n'kutsika mpaka mitengo ya pafupi osaoneka. Onse adali onyowa, atavala timalaya ta m'tawuni, popanda ndi mmodzi yemwe wokhala ndi juzi kapena jekete. Mafoni ambiri adali atatha moto ndi zithunzi ndi nyimbo, ndipo yomwe idatsala sinkagwira netiweki m'chigwamo. Kuhositelo sadauze munthu komwe akupita. Mtsikanayo adayamba kunjenjemera mano n'kumagundana, kenaka kunjenjemera kudachepa, adayamba kuyankhula zosagwirizana ndi kupempha kuti amusiye agone. Anzake adayesa kuti ululu ukutsika. Sadadziwe kuti munthu wozizidwa akasiya kunjenjemera n'kuyamba kusinza, thupi lake lagonja, ndipo imfa ili pafupi.

Adawapulumutsa ndi anthu amene m'mawa sakadawapatsa ngakhale moni: abambo otola nkhuni omwe ankatsika ndi njinga zawo. Iwo adadula mitengo iwiri, n'kupanga machila ndi matumba, wina adavula jekete lake n'kumufunditsa wovulalayo, n'kumanga mwendo pakati pa timitengo kuti usagwedezeke. Adamunyamula mumdima mpaka pomwe padapezeka galimoto. Kuchipatala adamuika chikhakha, fupa lidachedwa kulumikizana, ndipo chaka chimenecho cha maphunziro chidamupita. Makolo ake, alimi wamba, adali atagulitsa mbewu kuti alipire fizi.

Mwana wa mlongo wanga pondifotokozera adangoti, "Ankolo, mvula inali isanagwe pomwe tinali. Madzi aja anachokera kuti?"

Funso limeneli ndi lofunika kuliyankha bwino, chifukwa ambiri amene amasamba pamenepo saliganizira. Pamwamba pa phiri la Zomba mpoyalika ngati lichero, nsonga zili m'mphepete, pakati n'polowa. Mvula yogwa m'malo aakulu amenewa imatsetserekera m'dambo ndi m'timifuleni tomwe timathira mu Mulunguzi, ndipo yonse yogwa kumtunda kwa mathithi iyenera kudutsa pamatanthwe ake opapatiza. Damu lalikulu la Mulunguzi, lomwe limamwetsa anthu a mu Zomba, lili kumunsi kwa mathithi a Williams ndi a Mandala, choncho silingawatchinge madzi amenewa. Mvula ikagwa kumtunda, mtsinje umadzaza komwe kuli dzuwa. Chizindikiro chake n'chomwe ana aja adachiona: madzi kufiira, zinyalala kuyandama, mkokomo kukula. Zikatero palibe chodikira. Ndipo amene ali tsidya akhale komweko pamalo okwera, chifukwa madzi a m'phiri amaphwa msanga monga momwe amadzazira. Kudikira maola angapo uli wozizidwa n'kowawa, koma fupa silithyoka.

Pali chinanso chimene chimandiwawa mtima. Phirili lidakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1913, ndipo ambiri tidakula tikuliona litafunda mapaini ndi mitengo yachilengedwe m'mbali mwa mitsinje. Lero malo ambiri ndi zitsa zokhazokha. Ocheka matabwa adakolola, kubzala sikudafanane ndi kudula, ndipo moto wa mu Seputembala ndi Okutobala umapsereza timitengo tomwe tabzalidwa. Nkhalango imagwira mvula m'masamba, m'zinyalala za pansi ndi m'mizu, n'kumaitulutsa pang'onopang'ono. Nthaka yambee imangoipereka yonse nthawi imodzi, pamodzi ndi matope. Ndiye munthu amene akunena kuti "ine ndidasambapo kale pamenepa ndili mwana, sipavuta" akukamba za mtsinje wina. Mulunguzi wa lero amakwiya msanga kuposa wa masiku amenewo.

Akuluakulu a ku Zomba sadaliyesepo phirili chidole. Mu Disembala 1946 mvula yoopsa idagumula mbali za phiri, madzi, miyala ndi mitengo zidatsikira m'tawuni, milatho idakokoloka ndipo anthu adafa. Anthu adati wadutsa Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chimati chikamasamuka kupita kunyanja chimasesa zonse za m'njira yake. Steve Chimombo, yemwe adaphunzitsa kwa zaka zambiri ku Chancellor College, adalemba ndakatulo zambiri za Napolo ameneyu. Wina akhoza kunena kuti n'zikhulupiriro chabe, koma m'nkhaniyo makolo adasungamo chidziwitso choona, chakuti phiri likakhuta madzi limasuntha. Zidaonekanso ku Phalombe mu 1991, ndiponso mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy adagumula mapiri ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe n'kupha anthu mazanamazana. A zanyengo akalengeza pawailesi kuti kummwera kugwa mvula yamphamvu, tsiku limenelo si lopita ku mathithi, ngakhale minibasi mudalipira kale.

Musaganize kuti dzinja likatha ngozi yatha. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumabwera chiperoni, mvula yowaza ya nkhungu yochokera cha ku Mozambique, yomwe imatha kukuta phiri mwadzidzidzi. Anthu amene achoka ku Williams n'kufuna kukamaliza ndi Emperor's View, pomwe padatchulidwa pokumbukira ulendo wa Haile Selassie, kapena Dzenje la Chingwe, amayenda m'misewu ya m'nkhalango yofanana yokhayokha, ina yotsegulidwa ndi odula mitengo, ndipo malo oonera patali amenewa ali m'mphepete mwa maphompho. M'nkhungu munthu saona pomwe nthaka yathera. Kuzizira nako kumapha ngakhale kuno kwathu kotentha. Mu 2009 Gabriel Buchmann, mnyamata wophunzira kwambiri wa ku Brazil amene adali atayenda maiko ambiri, adasiya womulondolera pokwera Sapitwa, nyengo idasintha, ndipo adamupeza patapita masiku ambiri atafa ndi chisanu. Zomba ndi phiri lofatsa poyerekeza ndi Mulanje, koma thupi lonyowa lomwe lagona panja usiku silisiyanitsa mayina a mapiri.

Zoyenera kunyamula n'zochepa ndipo aliyense ali nazo: nsapato zogwira pansi, juzi youma yokulungidwa m'jumbo, tochi, foni imodzi yosungidwa moto. Nyamukani m'mawa, poti mvula ya dzinja imakonda masana, ndipo wina wotsala kunyumba adziwe njira yanu ndi nthawi yobwerera. Mowa ndi miyala ya ndere siziyendera limodzi. Botolo losweka lomwe latayidwa m'dziwe limadikira phazi la mwana amene adzabwere sabata yamawa, ndipo madzi omwewo ndi amene akupita ku mipope ya m'tawuni.

Za olondolera alendo ndiye ndilankhule mosabisa. Tili ndi chizolowezi choipa choona ngati kulipira Mmalawi mnzathu kuti atiperekeze m'phiri la kwathu n'kutaya ndalama. Safunsa adadya phula. Anyamata amene amadikira alendo cha ku Ku Chawe ambiri adabadwira m'midzi yozungulira phirili, ndipo amalikwera pafupifupi tsiku lililonse. Amadziwa njira yomwe yagumuka mvula yapitayi, malo amene netiweki imagwira, mwala woterera ndi wosaterera, ndiponso mbali zomwe si bwino kuyendako muli ochepa mutanyamula mafoni odula. Gulu la anthu khumi likasonkha, ndalama ya munthu ameneyu siposa ya zakumwa. Mukambirane mtengo musadanyamuke, mumufunse nthawi yobwerera, ndipo akayang'ana kumtunda n'kunena kuti "achimwene, tiyeni tizipita," musatsutse chifukwa choti pamene mwaimapo dzuwa likuwala.